Kadontho Kanaima Pasiwa

"Agogo, aliyense amafunsa njira kwa inu. Nanga inuyo mukasochera mumafunsa ndani?"

Anafunsa zimenezi ndi Tione, mdzukulu wa a Tobias Muhariwa, chaka chimene anayamba sitandade wani, atabwera kudzacheza ku Mtiya. A Tobias anaseka mpaka kutsokomola. Anamuyankha kuti munthu amene anayeza phiri la Zomba ndi tcheni sangasochere m'phirimo, pokhapokha ngati munthu angathe kusochera m'thumba la buluku lake lomwe. Sikunali kudzitama. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi anthu oyeza malo, kuyambira ponyamula tcheni ndi zikhomo mpaka pojambula mapu mu ofesi, ndipo ku Mtiya konse ankawatchula kuti a Mapu. Atapuma pantchito, akazi awonso atamwalira, adokotala anawauza kuti shuga wawo akufuna thukuta. Anagula njinga ya magiya. Loweruka lililonse ankakwera nayo phiri, pena kupalasa pena kukankha, n'kumatsika dzuwa litapendeka. Masiku enawo anali ongodikirira Loweruka.

Tione tsopano ali ku sekondale. Mu Juni chaka chino agogo ake anasochera.

Kunagwa nkhungu, ndipo kuseri kwa damu mapaini amene ankawadziwa anali atadulidwa, kutatsala zitsa zofanana zonse. Anazungulira kuyambira masana mpaka cha m'ma folo, kufikira atakumana ndi amayi otsika ndi nkhuni amene anawatulutsira pa tala. Mmodzi wa amayiwo amapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Pofika Lachiwiri nkhani inali itafika ku Lilongwe kwa Mavis, mwana wawo, mayi ake a Tione.

Mavis anabwera Lachisanu lotsatira. Asanavule ndi nsapato zomwe anaika timabokosi tiwiri patebulo.

"Ababa, izi ndi jipiesi za panjinga. Mwini sitolo ndimadziwana naye, wandibwereka zonse ziwiri. Muziyese, musankhepo imodzi. Inayo ndidzaitenga kumapeto kwa mwezi."

"Ndikapanda kusankha?"

"Njinga ndiikweza pagalimoto, ikakhale kwathu. Sindikuseka ayi."

"Inali nkhungu, mwanawe. Tsiku limenelo ngakhale makwangwala anali pansi."

"Nkhunguyo yasamuka m'phirimo?"

A Tobias anakokera timabokosi tija pafupi. Mwanayu anatengera mayi ake, akanena wanena.

Awiriwo anapita nato timabokosito kwa Che Selemani, neba wawo wa zaka makumi awiri, amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mapeyala kutsogolo kwa nyumba yawo. Che Selemani anapukuta manja ndi kansanza, anavala magalasi, Mavis n'kuyamba kufotokoza.

Jipiesi yaing'ono inali ngati bokosi la machesi, ya mabatani atatu opanda mayina. Mapu inalibe. Inkangojambula kamzere kosonyeza mmene munthu wadutsa, ndipo ukaiuza bwino inkaonetsa kamuvi kokubweza kumene unachokera. Batire lake linkatha masiku. Yaikulu inali ngati foni, ya galasi lokhudza ndi chala, ya mapu amitundumitundu ndi chizindikiro cha nyumba pakona. Inkalumikizana ndi foni ya m'thumba, moti Mavis ali ku Lilongwe akanatha kuona bambo ake ngati kadontho koyenda pa mapu. Njinga ikagwa mwamphamvu, inkalira theka la mphindi, ndipo wina akapanda kuiletsa inkatumiza uthenga wa ngozi.

"Ndamva," anatero Che Selemani. "Yaing'onoyi ndi mboni yabwino, imaona n'kusunga pakamwa. Yaikuluyi ndi kazitape."

"Kazitapeyo ndi amene ndikumufuna, ankolo."

"Inu mukumufuna. Koma wokwera njinga ndi uyu wakhala chete apayu."

A Tobias anali akukoka mapu ndi chala, nkhope itachita tsinya ngati kale mu ofesi. Anapeza msewu umene unagumuka Mavis asanakwatiwe, utajambulidwa ngati ukadalipo. Anapeza kamtsinje katadutsa mbali yolakwika ya mlatho. Tinjira ta anthu a nkhuni, timene ndi njira zenizeni za m'phiri, munalibemo ndi kamodzi komwe.

"Wojambula mapu awa anaona phirili ali kumwamba," anatero. "Sanapondepo."

"Amene anapondapoyo anachita kuperekezedwa ndi amayi a nkhuni," anayankha Mavis, uku akulemba nambala yake m'jipiesi yaikulu. Lamlungu anabwerera ku Lilongwe.

Loweruka loyamba a Tobias anamanga yaing'ono pahandulo. Kunja kunali kowala. Anakwera akuonerera kamzere kakutalika ngati nyongolotsi. Atafika pamwamba anatulutsa kapepala kamene analembapo malangizo: batani lapakati kulikanikiza nthawi yaitali, lapansi kawiri, lapakati kachiwiri. Kamuvi kanatuluka n'kuwatsogolera mpaka pageti, ngakhale sankakafuna. Anakhutira nayo. Koma woyeza malo sakhulupirira muyezo umodzi, choncho Loweruka lachiwiri anamanga yaikulu.

Tsiku limenelonso kunali kowala, kopanda ndi kamtambo komwe. Potsika anasiya tala n'kulowa kamsewu kafumbi kodutsa m'midzi ya m'munsi mwa phiri, kamene anali atadutsamo kosawerengeka. Atangokhota pakona anaona nthambi zamasamba zitayalidwa chopingasa pamsewu. Panali maliro. Munthu sadutsa pamaliro ali panjinga. Anagwira mabuleki onse awiri, tayala lakumbuyo linatsetsereka, iwo anadumpha n'kuima bwinobwino, koma njinga inawapulumuka n'kukamenyetseka pamwala.

Jipiesi inayamba kulira ngati mwana wa mbuzi.

Amayi anali pakati pa nyimbo m'nyumba ya siwa. Azibambo amene anakhala pansi pa mitengo anacheuka onse pamodzi. A Tobias anakhudza galasi apa ndi apo, koma phokoso silinaleke. Anaizula pahandulo, anaikulunga m'chipewa, n'kuipanira m'khwapa mpaka inakhala chete yokha. Kenaka anatulutsa foni n'kuitseka mawu, kuopa kuti nayonso ingawachititse manyazi. Anadzutsa njinga, anaweramitsa mutu, n'kuyamba kukankha.

Mwambo umangofuna zomwezo: kutsika, kuvula chipewa, kudutsa mwaulemu mpaka nthambi za mbali inayo, n'kukweranso. Anafikadi pa nthambi zachiwirizo. Patsogolo pake msewu unagawikana pawiri.

Anaima. Mjigo umene unali pamphambanopo ankaudziwa. Mtengo wa mango ankaudziwa, ndi golosale ya chitseko chobiriwira yomwe. Chilichonse chinali pamalo pake, koma njira yopita kwawo sanaidziwe. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, n'kudikira kuti ibwere m'mutu monga dzina la munthu limabwerera ukasiya kulifunafuna. Siinabwere. Anayang'ana kumwamba. Kunalibe nkhungu yoti ainamizire, ndipo panalibe mtengo umene unadulidwa.

Kumbuyo kwawo kunali anthu oposa zana. Kufunsa n'kudziwa njira, amatero, koma a Mapu afunse njira ya ku Mtiya dzuwa likuswa mtengo? Pofika Lachiwiri zikanakhala zili ku Lilongwe. Jipiesi inali m'chipewa, koma anaopa kuti akaikhudza iyambanso kulira pakati pa pemphero. Choncho anatembenuza njinga ngati munthu amene wasintha maganizo, anaitsamiritsa pamtengo, n'kukakhala pansi pakati pa azibambo.

Anakhala pamenepo maola awiri. Alaliki anasinthana, kwaya inaimba, wina anawerenga mbiri ya malemu koma mphepo inatenga mawu ake. Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali pawo anawanong'oneza.

"Pepani akulu, malemuwa munali nawo bwanji?"

"Tonse ndife anthu," anayankha a Tobias.

Bamboyo anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali, ngati wamva mawu akuya.

Cha m'ma thu koloko kunamveka njinga yamoto. Inazima pa nthambi zoyamba zija. Anatsikapo ndi Che Selemani, akadali mu ovolosi yawo yamafuta, foni ili kukhutu, ndipo kumbuyo kwawo kunatsika akazi awo, a Safina. A Safina anaona khamu la anthu, anamva nyimbo, kenaka anaona njinga ya magiya itatsamira pamtengo yokhayokha. Anaika manja kumutu.

"A Tobias ineee! Aneba anga ineee! Mwatisiya bwanji, a Mapu!"

Nyimbo inaduka. Anamfedwa anayang'anana. M'bokosi munali mayi wokalamba, ndipo m'banjamo munalibe aliyense wotchedwa Tobias. Amayi awiri anathamanga kukawagwira a Safina, amene tsopano anali atagwada m'fumbi.

A Tobias anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'khwapa.

"Amayi, ndili pano."

A Safina anatsegula maso. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kunena motsitsa mawu koma momveka kwa onse, "Ndiye foni simuyankha bwanji?"

Panamveka anthu akutsokomola, ena akubisa nkhope m'manja. Che Selemani anapita kwa akuluakulu a pamalopo kukapepesa, ndipo anakhalitsa pang'ono akulankhula nawo. Atabwerera anapatsa a Tobias foni.

"Nayu mwana wanu. Chiyambire watiyendetsa ndi iyeyu: khotani apa, lowani apo."

A Tobias anapita nayo kuseri kwa mtengo. Mavis ankalira ndi kukalipa nthawi imodzi. Uthenga wa ngozi unamupeza ali pa ukwati wa mnzake. Anaimba kakhumi ndi kasanu, osayankhidwa. Kadontho kanangoima malo amodzi osasuntha. Ataona choncho anaimbira ankolo.

"Ndinatsika chifukwa cha maliro, njinga n'kugwa. Ine sindinagwe. Makina akowa sadziwa mwambo."

"Maola awiri, ababa? Maliro ake a ndani?"

"A mnzanga wina wa kuntchito. Wakalekale, sungamudziwe."

Mavis anapuma mwamphamvu, kenaka anaseka pang'ono. Ananena kuti bola aona okha kuti chinthucho chimagwira ntchito. A Tobias anavomera. Pobweza foni anaona kuti Che Selemani anali ataima pafupi, akuyang'ana pansi.

A Safina anati atsala kuti athandize amayi kuphika, popeza sakanachoka chomwecho atasokoneza maliro a eni. Amuna awo atawafunsa ngati anamvapo za maliro osonkhana maola awiri okha, ndi bokosi ndi kwaya yomwe, iwo anayankha kuti munthu akaona njinga yopanda mwini sayamba wawerenga maola.

Azibambo awiriwo anakankha njinga zawo mpaka pa nthambi zachiwiri. Che Selemani, amene nthawi zonse amayenda patsogolo, ulendo uno anatsalira m'mbuyo. Pamphambano paja a Tobias anaima, anawerama, n'kuyamba kugwiragwira tcheni chimene chinalibe vuto lililonse. Anachigwira nthawi yaitali. Che Selemani anadikira. Kenaka anadutsa ndi njinga yawo yamoto n'kukhotera kumanzere, akulankhula ngati akuuza njingayo.

"Tiye kuno, nkhalamba iwe."

A Tobias anatsatira. Atayenda pang'ono, atangoona denga la sukulu, njira yonse inabwerera m'mutu, mpaka ndi mitunda yake imene anaiyeza okha.

Mawa lake, atachoka kutchalitchi, anapita pansi pa mtengo wa mapeyala ndi timabokosi tonse tiwiri. Che Selemani anali akuwongola masipoko. Sanadzutse mutu.

"Ndasankha yaing'ono," anatero a Tobias. "Batire lake ndi lokhalitsa. Ndiponso siyichititsa manyazi pagulu."

"Chabwino. Tandionetsani mmene mumaiuzira kuti ikubwezeni kunyumba."

A Tobias anapisa dzanja m'thumba la jekete.

"Popanda kapepala, aneba."

A Tobias anakanikiza batani lapakati. Anakanikiza lapamwamba. Panatuluka manambala a kutentha kwa kunja. Anaibweza m'bokosi.

"Mnzanu wa kuntchito uja," anatero Che Selemani, akuzunguza tayala, "ndinafunsa. Anali gogo wina wochokera ku Milanje, anangobwera chaka chatha kudzadwalira kwa mwana wake. Kaya ankanyamula tcheni chanji ameneyo."

Tayala linazungulira mpaka linaima lokha. Pamsewu panadutsa ana a madrasa, kenaka munthu wogulitsa nzimbe.

"Kunalibe nkhungu dzulo," anatero a Tobias.

"Kunalibe."

"Mjigo ndinaudziwa. Golosale ndinaidziwa. Koma kumanzere ndi kumanja zinangofanana, ngati mapu amene wina wafufuta muvi wa kumpoto."

"Kangati tsopano?"

"Kawiri. Katatu ndi tsiku lina kumsika, koma pamenepo sizinachedwe."

Che Selemani anaika sipanala pansi. Ananena kuti iwo si dokotala. Amadziwa za njinga, ndipo njinga ikayamba kulira pena pake suidikira kuti ikakuthyokere pamtsetse. Mwina ndi shuga yemweyo, mwina ndi mankhwala, mwina ndi china. Odziwa ali kuchipatala.

"Ndikamuuza Mavis, njinga yapita," anatero a Tobias. "Ndipo njinga ikapita, Che Selemani, ine ndizidzuka m'mawa kuti nditani? Ndizikhala pakhonde n'kumawerenga magalimoto?"

"Ndikapanda kumuuza ine, tsiku lina n'kukupezani m'phompho, ndidzamuyang'ana ndi maso ati?"

A Tobias anatsegula bokosi lalikulu, anayatsa jipiesi ija n'kuiyang'ana. Msewu wogumuka uja unali pomwepo, kamtsinje kanali mbali yolakwika yomweyo. Anali mapu oti kale akanawabweza kwa wojambula ndi cholembera chofiira. Koma pakona panali chizindikiro cha nyumba. Anachikhudza kamodzi, ndipo panatuluka mzere wabuluu wochokera pansi pa mtengo wa mapeyala kukafika pageti pawo, mapazi makumi anayi.

"Iyi siyifuna kapepala," anatero.

"Siyifuna."

"Ndi yabodza m'malo ambiri."

"Koma kwanu ikukudziwa."

A Tobias anaizima, anaiyatsanso, n'kukhudzanso kanyumbako. Mzere unabweranso. Anachita zimenezo katatu, monga mwa chizolowezi cha ntchito yawo yakale.

"Nditenga kazitape," anatero pomaliza. "Koma azinenera kwa inu. Mavis ali kutali, angamangodwala mtima n'kumasiya maukwati a anzake. M'jipiesimu muli kale nambala yake, mulembemonso yanu, ikhale yoyamba."

"Loweruka ndi tsiku langa la makasitomala, mukudziwa."

"Ndikudziwa."

Che Selemani anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kansanza kamafuta komwe kaja, moti anada kuposa poyamba. Anaganiza kaye. A Safina anasuzumira pawindo, anaona nkhope za azibambowo, n'kubweza katani.

"Imvani, aneba. Ine kwa Mavis sindipita ndi nkhaniyi, si yanga. Koma akandifunsa sindinama, ndakula. Kumapeto kwa mwezi akubwera kudzatenga bokosi linalo. Mumuuze nokha, ndi pakamwa panu, zonse zitatu, ndi za kumsika zomwe. Ndipo Lachitatu likubwerali ndikukwezani pa njinga yamoto, tikaonane ndi adokotala anu a shuga aja."

"Akamva, aikweza pagalimoto."

"Pomuuzapo ine ndidzakhalapo. Ndidzamuuza kuti njinga isachoke, kadontho ndizikayang'ana ine. Foni izikhala apa, pamwamba pa bokosi la masipanala. Kakaima malo amodzi kupitirira theka la ola, kaya ndi pamaliro, kaya mukudya mabulosi, ndikutseka n'kubwera. Akakana, wakana, ndi mwana wanu. Koma ndidzalankhula."

"Osabwera ndi a Safina."

"Ameneyo ndimutsekera m'nyumba."

A Tobias sanaseke. Anayang'ana phiri, limene tsiku limenelo linkaoneka lonse mpaka pamwamba, kenaka anayang'ana manja awo.

"Ndimuuza," anatero. "Zonse zitatu. Mukaona ndikuzungulira, mudzandiponde phazi."

"Ndidzakupondani. Ndipo inu mukadzaima pamphambano osadziwa kolowera, musakakhalenso pamaliro a eni. Mudzaime pomwepo, mudikire. Ndibwera."

"Ndidzadikira."

Che Selemani anatambasula dzanja lawo lamafuta, a Tobias analigwira osalipukutitsa.